Zilembo Zitatu pa Dzina la Mdala Wathu

Izi ndalemba m'kope limene ndinagula pa kiosiki ya kunja kwa geti, ndipo zanditengera masiku asanu ndi anayi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, cholembera chimandilemera kuposa khasu. Koma pakamwa sindinaperewerepo. Zaka makumi atatu ndinali kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ndikaitana ndili pa sikelo, wothyola tiyi amene ali kutsidya kwa mtsinje ankatembenuka. Kafunseni aliyense kumeneko. Mawu omwewo ndi amene andichotsa m'nyumba ya mwana wanga kuno ku Nairobi. Tikiti ili m'thumba la jekete. Lachinayi ndikukwera ndege.

Ndinabwera kuno mayi a ana anga atatisiya. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku bungwe lina ku Gigiri, anati ndibwere adzandichotse ng'ala m'diso. Diso litapola anandikhazika pansi.

"Ababa, kunyumba mukakhala ndi ndani? Khalani konkuno."

Ndinachita ngati ndikukana masiku awiri, kenako ndinavomera. Kunena zoona, kunyumba kuja kunatsala mipando ndi chithunzi cha ukwati basi.

Ku Runda, kumene tikukhala kuno, kuli zii. Mipanda italiitali, mageti achitsulo, anthu amatuluka ali m'galimoto n'kubwera ali m'galimoto. Mlonda wa pa geti, amene kuno amati asikari, ndimangoti naye habari, iye mzuri, nkhani yathera pomwepo. Ndikayamba kulankhula pakhonde mwana wanga ankabwera mofulumira. "Ababa, tsitsani pang'ono, aneba ndi a ku embase." Ndinkatsitsa. Munthu amene ndinkalamula mazana a anthu ndi pakamwa pokha, ndinaphunzira kunong'ona kuti galu wa mzungu asadzuke.

Kwathu mkamwini ndiye amabwera kudzamanga pakhomo pa apongozi ake, ndipo timati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Kuno zinatembenuka. Nyumba ndi ya mkamwini, mpando ndi wa mkamwini, mlamba ndinali ine. Iye ndi munthu wofatsa wa ku Kasungu, wa magalasi, waulemu mpaka kutopetsa. Mwadzuka bwanji bambo, ndadzuka bwino kaya inu, basi. Miyezi isanu ndi umodzi tinkadutsana m'nyumba imodzi ngati anthu a pa depoti. Sindikumunena. Chipongozi n'chomwecho, mumalemekezana muli patali.

Loweruka lina masana ndinamva wezulo ikulira m'foni mwake, ali pakhonde. Miyendo inandipititsa yokha.

"Ndi mpira umenewo, apongozi?"

Anaimirira, n'kundipatsa mpando wake. "Ndi mpira bambo, koma wa ku Amereka."

Ndinamuuza kuti akulankhula ndi nambala seveni wa timu ya esiteti, munthu amene ankayenda ndi mzere wa kumanja wopanda nsapato, azimayi n'kumaimba dzina lake kuchokera kumalaini a antchito. Anandionetsa. Mpira wake wooneka ngati papaya, anthu atavala zipewa ngati za njinga yamoto, akugundana ngati atonde. Ndinati uwu si mpira, ndi ndewu ya malamulo. Anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka ine ndili pomwepo.

Kenako anandifotokozera za timu yake ya m'foni. Iye ndi anzake khumi ndi mmodzi, Amalawi ena, Akenya ena, ali ndi ligi yawo. Aliyense amasankha osewera enieni a ku Amereka, uyu kutenga ku timu iyi, uyu ku timu ina, n'kuwandandalika m'foni ngati timu yake. Zimene anthuwo achita pa bwalo lenileni zimasanduka mapointsi. Sabata iliyonse umakumana ndi mnzako mmodzi, wa mapointsi ambiri wapambana.

"Ndiye inu mwini timu, munamuonapo ndi maso ngakhale mmodzi?"

"Ayi bambo."

"Iwo akudziwa kuti ndi anu?"

"Sakudziwa."

Zimenezo ndinazimva msanga. Eni esiteti athu nawonso ankakhala kutsidya kwa nyanja, sanationepo, ankangoona makilo pa pepala.

Tsiku lomwelo anandifunsa funso limene sindidzaiwala. Anati ali ndi malo amodzi otsala, a munthu amene amati wayidi risiva. Ntchito yake ndi kuthamanga cha kumbali, kuzemba womulondera, n'kuwakha mpira umene amuponyera. Ndinati ameneyo ndi nambala seveni wa manja.

"Ndiye bambo, inu munasewerapo kumbali. Pa anthu awiriwa nditenge uti?"

Woyamba anali wachinyamata, wa liwiro ngati gwape. Wachiwiri anali wa ndevu, wa zaka zopitirira makumi atatu, zimene ku mpira umenewo akuti ndi ukalamba. Ndinati abwezere kanemayo kawiri. Ine ndinkayang'ana phewa. Wa ndevuyo ankagwetsa phewa kumanzere, womulondera n'kupita ndi mphepo, iye ali kumanja. Mpira anauwakha ali pa mzere penipeni, zala za kumapazi atazikhwekhwereza pansi kuti zisatuluke kunja. Zimenezo liwiro silingakuphunzitse.

"Tengani wa ndevuyo," ndinatero. "Winayo akuthamanga ndi miyendo. Uyu akuthamanga ndi mutu."

Anamutenga ine ndikuona.

Masewera awo amachitika ife tikugona, zotsatira timazipeza m'mawa. Lolemba lake ndikumwa tiyi, mkamwini anabwera atavala kale tayi, nkhope ikuwala.

"Bambo, mdala wathu wagwira ntchito. Tapambana."

Mdala wathu. Tapambana. Ndinaseka mpaka mwana wanga anaiwala za aneba a ku embase. Madzulo ndinamumva mkamwini akuuza mnzake pa foni kuti apongozi anga ali ndi diso, musawaone choncho.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi tinkakhala pakhonde, mipando iwiri. Ankandipatsa foni ndi manja awiri kuti ndione timu. Dzina la mdala wathu sindinkatha kuliwerenga, koma nkhope ndinkaidziwa, ndi malo ake, mzere wachinayi kuchokera pamwamba. Ndikamupeza ndinkati ali bwino, mulowetseni. Mkamwini ankati chabwino bambo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndinkayembekeza Lamlungu ngati mwana woyembekeza Khirisimasi. Tikatha za mpira tinkalowa nkhani zina. Anandifunsa kadulidwe ka mpanda wa maluwa, ndinamuonetsa mmene timadulira tiyi kuti akhale tebulo. Anandifunsa za mayi a mkazi wake, mmene tinakumanirana. Mwana wanga ankaima pa chitseko n'kumatiyang'ana. Ndinayamba kuganiza kuti m'nyumba muno ndili ndi ntchito.

Kenako mapointsi a mdala wathu anayamba kuchepa. Sabata ina pang'ono, ina pang'ono kuposa pamenepo. Lolemba m'mawa mkamwini ankangoti tinayesetsa bambo, n'kukwera galimoto.

Lamlungu lina anakanda m'mutu kwa nthawi asanalankhule.

"Bambo, akatswiri olemba za masewerawa akuti valiyu ya mdala wathu yatsika."

"Valiyu ndiye chiyani?"

"Kulemera kwa munthu, bambo. Kuti akubweretsa zingati lero, ndipo abweretsa zingati mawa."

"Nanga za dzulo?"

"Za dzulo sawerengera. Timu yake inatenga wina wachinyamata, mipira yambiri akuponyera ameneyo."

"Ndiye vuto ndi la woponya. Munthu angawakhe bwanji mpira umene sanamuponyere?"

"Zoona bambo. Kungoti pali ena amene palibe wawatenga, akubweretsa zambiri. Ndimaganiza kuti mwina timutaye."

Kutaya ndi liwu lawo, amatanthauza kuchotsa munthu m'timu mwako. Koma ine linandilowa ngati munga.

"Munthu wakupambanitsani, lero mukumupachika pa sikelo ngati dengu la tiyi? Msungeni."

"Chabwino bambo."

Ndipo Lamlungu lililonse ndinkamupeza pa mzere wachinayi. Ndinkati mumtima, mkamwini ameneyu amamva mawu a akulu, ndipo tsiku lina adzandithokoza.

Apa ndinene kaye chinthu chimodzi, kuti zotsatirazi muzimve. Tsiku limene anandipumitsa ntchito pa esiteti anakonza kaphwando mu kantini. Mabanzi, zakumwa za m'botolo, bwana analankhula zabwino. Malo anga anali atapatsa kale wina wa satifiketi. Pakhoma anamata chipepala cha zilembo zikuluzikulu zofiira, GOOD BYE. Anandikhazika moyang'anana nacho maola awiri. Chizungu sindichidziwa, koma zilembo zitatu zomalizazo ndinaziloweza ngati dzina langa. B, Y, E. Ndikudziwa chimene zimatanthauza zikakhala pafupi ndi dzina la munthu wamkulu.

Lamlungu la sabata yatha ija kunabwera alendo. Amalawi anzathu a ku tchalitchi, ena ndi akazi awo, anayatsa makala kuseri n'kumawotcha nyama ya mbuzi, imene kuno amati nyama choma. Awiri anali a mu ligi ya mkamwini. Wina ndi mphunzitsi wokhala ku Madaraka, wosalankhulalankhula. Wina ndi wamfupi wokhala ku Roysambu, wolongolola, amene amanditcha madala n'kumandigwira paphewa ngati ndife a msinkhu umodzi.

Ndinali wokondwa tsiku limenelo. Ndinavala jekete. Ndinkafuna alendo aone apongozi ndi mkamwini akukonza timu. Ndinaitanitsa foni ndekha, mokweza, kuti onse amve.

"Apongozi, bweretsani kuno timuone mdala wathu."

Anandipatsa ali mkati mwa nkhani ina ndi mphunzitsi uja. Ndinawerenga mizere ndi chala. Woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Pa mzere wachinayi panali nkhope ina, yopanda ndevu. Ndinatsika, ndinatsika, mpaka pansi penipeni, pamene amati pa benchi. Mdala wathu anali pamenepo. Pafupi ndi dzina lake panali zilembo zitatu.

Ndinaziyang'ana kawiri ndi diso lija anandikonza. B, Y, E.

Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi mawu a pa sikelo, aja ofika kutsidya kwa mtsinje.

"Mwamutsanzika liti munthu uyu?"

Onse anatembenuka. Wowotcha nyama anaima ndi foloko m'mwamba.

"Bambo?"

"Musanditi bambo. Ndikufunsa, mwamutsanzika liti? Mumati poti nkhalambayi sidziwa kuwerenga, siiona? Izi ndimazidziwa. Zinalembedwapo pa ine. Pamaso mumati chabwino bambo, chabwino bambo, kuseri mukutaya munthu ngati chitsotso. Ndi mmene mumachitira ophunziranu. Mumamwetulira uku mukulemba kalata."

Mwana wanga anathamanga kuchokera kukhitchini. "Ababa, chonde, pali alendo."

"Amve alendowo. Ngati m'nyumba muno wokalamba amamulembera bai osamuuza, ine sindidikira kuti mundilembere. Mawa mundigulire tikiti. Ndanena pamaso pa anthu awa. Ndili ndi kwathu ine!"

Ngakhale galu wa aneba sanauwe. Mkamwini anatola foni patebulo, anayang'ana, n'kuvula magalasi.

"Bambo," anatero motsitsa, "sindinamutaye. Timu yake sikusewera sabata ino. Timu iliyonse imapatsidwa sabata imodzi yopuma, ndiye amalemba choncho. Liwu lake ndi lomwelo, koma apa likutanthauza kupuma. Ndamuika pa benchi lero lokha. Sabata yamawa abwerera pamalo pake."

Mphunzitsi wa ku Madaraka anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pansi.

Pamenepo zikanatha. Ndikanachita manyazi, anthu akanaseka pang'ono, nyama ikanadyedwa. Koma wa ku Roysambu uja anafuna kukonza zinthu ndi nthabwala.

"Aa, madala, pole sana, pepani. Mukukalipira munthu wolakwika. Achimwenewa ndi oyera mtima. Mdala wanuyo wina aliyense bwenzi atamutaya kalekale, palibe angamutole ngakhale mwaulere. Ligi yonse tikudziwa kuti akumusungira inu. Atsika mpaka kumunsi kwa tebulo la ligi chifukwa cha iyeyo. Pa gulu lathu malo a mdalayo m'timu timawatcha penshoni ya apongozi."

Anaseka yekha. Mkazi wake anamutsina.

Ndinayang'ana mkamwini. Sanatsutse. Anangopukuta magalasi ndi malaya, kupukuta, kupukuta, ngati pali chimene chakanirira. Ndinayang'ana mwana wanga, ndipo pankhope pake ndinaona kuti nayenso ankadziwa.

Ndinalowa kuchipinda ndi jekete langa. Nyama sindinalawe.

Alendo atapita, mwana wanga anagogoda. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ababa, palibe amene wazitenga zija. Mawa aliyense akhala ataiwala."

"Ine sindiiwala."

"Kunyumba mukakhala ndi ndani? Mankhwala a shuga akakukumbutsani ndani?"

"Ndanena pamaso pa anthu. Mwamuna sameza malovu amene walavula."

"Ndiye mukutisiya chifukwa cha masewera a m'foni?"

Ndikanamuuza bwanji kuti si zilembo zija zimene zandipweteka? Kulakwitsa kuwerenga ndinazolowera, ndakhala ndikulakwitsa moyo wanga wonse. Chimene chinandithyola n'chakuti Malamlungu onse aja, pamene ndinkati ali bwino, mulowetseni, ndinkayesa ndikupereka nzeru. Koma ndinkangopatsidwa foni kuti ndigwire, monga mmene umapatsira mwana makiyi kuti asalire.

M'mawa mwake mkamwini sanapite ku ntchito msanga. Anabwera pa chitseko cha chipinda changa n'kunjuta pomwepo, ndi buluku lake la ku ofesi, monga achitira mkamwini kwathu. Anapepesa za mnzake uja. Ndinati mnzakeyo sanalakwe, wanena zoona.

"Ndikufunseni chimodzi, apongozi. Mundiyankhe ngati mwamuna mnzanga. Pakanapanda ine, mdala uja mukanamusunga?"

Akanandinamiza, mwina bwenzi ndikanali pano mpaka chaka chamawa, ndikudzinamiza nanenso. Koma ndi munthu woona.

"Ayi bambo."

"Chiyambire liti?"

"Mwezi ndi theka wapitawo."

"Ndiye munkaluza dala."

"Sindinkaona ngati kuluza. Ndimasangalala tikakhala pakhonde paja. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, inu mukudziwa."

Ndikudziwa kuti ananena kuchokera pansi pa mtima. Usiku uliwonse chiyambireni ndimawatembenuza mawu amenewo, ndipo sindiwapezera chilema. Koma funso lachiwiri linali litafika kale pakhosi panga, lakuti nanga ine mukundisungira chiyani, ndikubweretsa zingati lero, ndibweretsa zingati mawa. Sindinalifunse. Munthu amene wayankha zoona kamodzi akhoza kuyankhanso.

"Bweretsani foni," ndinatero. "Ndionetseni potayira."

"Bambo, palibe chifukwa."

"Ndinamulowetsa ndine. Ndimutulutsa ndine. Asamasungidwe ngati wopempha. Anali wosewera munthu uja."

Anandionetsa kabatani kofiira. Ndinadina. Foni inatulutsa mawu ena, ndinamufunsa kuti ikuti chiyani.

"Ikufunsa ngati mwatsimikiza."

Ndinadinanso. Nkhope ya ndevu ija inachoka. Ndinabweza dzanja m'thumba.

Tikiti anagula Lachitatu lake, nditawakumbutsa kawiri. Mwana wanga salankhula nane zambiri. Wandimangira mankhwala m'timapepala, pena wajambula dzuwa, pena mwezi, kuti ndizidziwa a m'mawa ndi a madzulo. Ndinamupeza akujambula patebulo la kukhitchini, misozi ikugwera pa kadzuwa kamodzi, ndinabwerera osamuonetsa kuti ndaona. Neba wa ku Thyolo wandiuza pa foni kuti udzu wafika m'mawindo, ndipo chiswe chalowa m'chitseko cha kuseri. Ndikudziwa kumene ndikupitako. Ndikakhala pakhonde, ndizikalankhula mokweza mmene ndingafunire, ndipo sipakakhala wonditsitsa.

Lamlungu lapitali, titabwera ku tchalitchi, ndinasuzumira pawindo. Mkamwini anatulutsa mipando iwiri. Anakhala pa umodzi, foni ili patebulo, osaigwira. Anakhala mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Nsapato ndinali nditavala kale. Ndinaima kuseri kwa katani, ndikudziuza kuti tuluka, mdala iwe, tuluka, ndi masitepe khumi okha. Pa esiteti ndinkayenda mapiri atatu tsiku limodzi. Masitepe khumi amenewo anandikanika. Kenako ndinamva akukoka mipando kulowetsa m'nyumba, woyamba, kenako wachiwiri.

Lolemba m'mawa ndinamupeza pa galimoto akutsegula chitseko. Sindinafune kufunsa, koma pakamwa panga sipanandimverepo.

"Wasewera?"

Anadziwa amene ndikunena. "Wasewera bambo. Anamuponyera kamodzi, cha kumbali. Anawakha."

"Zala zinali mkati?"

"Zinali mkati."

"Ndiye mapointsi akewo apita kwa ndani?"

Anayang'ana makiyi m'dzanja lake.

"Palibe amene anamutenga, bambo. Angokhala pomwepo."